Kodi Jekete Yobwereka Imanama?

Ana athu amene ali m'sukulu za ukachenjede, kaya ku MUBAS mumzinda wa Blantyre kaya ku MUST ku Thyolo, amaitanidwa nthawi zina kukapikisana pofotokoza maganizo awo a bizinesi pamaso pa oweruza. Pamodzi ndi chiitanocho pamabwera lamulo lakuti avale monga anthu a muofesi. Lamuloli ndi lalifupi, koma likafika kunyumba ku Makanjira, ku Chipoka kapena ku Nkhotakota limalemera, chifukwa mwana wa msodzi alibe suti. Zikatere amabwereka jekete kwa amalume, nsapato kwa mnzake, malaya n'kukasankha pa kaunjika.

Alipo pakati pathu amene mtima wawo sukhazikika ndi zimenezi. Amafunsa kuti, kodi mwana amene waima pamaso pa anthu atavala chuma chimene alibe sakunamiza oweruzawo? Funsoli tisalipeputse. Chisilamu chimadana kwambiri ndi chinyengo pamalonda. Tonse timaidziwa nkhani ya Mtumiki Muhammad (madalitso ndi mtendere zikhale naye) pamene anapisa dzanja mumulu wa chakudya pamsika, napeza kuti chonyowa chabisidwa pansi, chouma chili pamwamba, ndipo anamudzudzula wogulitsayo. Kodi jekete yobwereka si chouma chapamwambacho?

Ife tikuti ayi. Wogulitsa uja anabisa chilema cha chinthu chimene ankagulitsa. Wophunzira sagulitsa jekete, amagulitsa ganizo. Umphawi wake si chilema cha ganizolo, ndipo palibe woweruza wanzeru amene amaona suti n'kuganiza kuti mwana wasukulu ali ndi chuma kubanki. Chovala chaukhondo chimanena chinthu chimodzi chokha: ndakulemekezani, ndakonzekera. N'chimodzimodzi Lachisanu, pamene timasamba, kuvala zabwino zimene tili nazo ndi kudzola mafuta onunkhira popita ku Jumu'a. Palibe amene amati tikunamiza mzikiti.

Chonyowa chenicheni chimabisala kwina, m'mawerengero. Tiyerekeze kuti mtsikana wabwera ndi ganizo loumitsa usipa m'matenti a dzuwa m'malo mwa pathandala, kuti nsomba zisamaole nthawi ya mvula. Ganizo labwino ndithu. Koma akawerengera phindu ngati kuti usipa umagwidwa mofanana miyezi yonse, osatchula masiku amene mwera umatsekera asodzi kumtunda, osatchula mtengo wa pulasitiki ikang'ambika, pamenepo ndiye wanama, ngakhale atavala nsanza. Chodabwitsa n'chakuti makolo timatha sabata yonse tikudandaula za nsapato, koma sitimufunsa mwanayo ngati manambala ake ali oona.

Funso lovuta kuposa pamenepa ndi lakuti, ndani anagamula kuti kuvala kwa munthu wantchito ndi suti ndi tayi? Dziko lathu lili ndi mbiri yake pa nkhaniyi. Dr. Kamuzu Banda sankaoneka pagulu opanda suti ndi chipewa, ndipo mu 1973 boma lake linakhazikitsa lamulo loletsa akazi kuvala mathalauzi ndi masiketi afupiafupi, lomwe linathetsedwa mu 1993. Ndiye kuti chimene chinali mlandu kwa agogo ake, lero mdzukulu akhoza kuuzidwa kuti ndicho chovala choyenera pampikisano. Muyeso umene umasintha chotere sungakhale muyeso wa ulemu wa munthu. Tikukumbukanso mkangano wa hijabu umene unabuka ku Balaka mu 2019, ndi mgwirizano wa atsogoleri achisilamu ndi achikhristu mu 2021, mothandizidwa ndi bungwe la PAC, wolola atsikana kuvala hijabu m'sukulu za mishoni zothandizidwa ndi boma. Ngati mpangowo waloledwa m'kalasi, palibe chifukwa choti uvulidwe pakhomo la mpikisano.

Choncho mtsikana wathu avale hijabu yake yosita bwino, ya mtundu wogwirizana ndi diresi lalitali, jekete pamwamba ngati ilipo. Mnyamata akasankha suti, palibe choletsa, bola akumbukire kuti silika weniweni ndi golide n'zoletsedwa kwa amuna. Mwayi wake, matayi ambiri a pa kaunjika ndi a ulusi wamba. Akasankha mkanjo woyera ndi chisoti, adziwe kuti oweruza ena adzayamba amuyang'ana kaye asanamumvere, ndipo mawu ake oyamba ayenera kukhala akuthwa. Zimenezi si chilungamo, koma zilipo, ndipo kumubisira mwana n'kumulakwira.

Pali malire amodzi amene sitiyenera kuwadumpha. Banja likakatenga katapila kuti mwana akaoneke bwino kwa mphindi khumi, ndiye kuti chovalacho chatilamulira, ndipo talowa m'riba chifukwa cha manyazi. Kubwereka kwa m'bale kulibe vuto limeneli, ndipo mwini jekete amapeza nawo madalitso. Okonza mipikisano nawonso ali ndi mbali yawo: alembe momveka kuti hijabu, mkanjo ndi zovala zachitenje n'zololedwa, ndipo malikisi a kavalidwe, ngati alipo, akhale a ukhondo, osati a mtengo wa nsalu. Mwana wochokera kunyanja akabweza jekete ya amalume ake madzulo, aichape kaye ndi kuisita.