Phulusa la ntchito ndi phulusa la pamphumi

Ku Assam, kumpoto chakum'mawa kwa India, amayi amaotcha makoko ndi thunthu la nthochi, n'kusefa phulusalo ndi madzi kuti apeze kolakhar wophikira ndiwo. Kwathu kuno timati chidulo. Mayi anga ankapanga cha zitsononkho: phulusa m'kachitini kobooledwa kunsi, madzi ofiirira akudontha pang'onopang'ono m'mbale, therere likudikira pambali.

M'chaka cha 2015, akatswiri a pa yunivesite ya Dibrugarh ku Assam komweko anaonetsa kuti madzi a phulusa la makoko a nthochi amagwira ntchito pa njira ya Suzuki-Miyaura. Imeneyi ndi njira yolumikizira tizigawo ta kaboni popanga mankhwala, ndipo Akira Suzuki analandira nayo mphoto ya Nobel mu 2010. Nthawi zambiri pamafunika zosungunulira zogula ndi kutenthetsa, koma iwo anathira madzi a phulusa, zinthu n'kugwirana popanda moto. Tisakokomeze: chitsulo chodula chotchedwa palladium chinafunikabe. Ena amathira phulusa la nthochi m'mafuta a zomera osakaniza ndi methanol kuti pakhale dizilo. Apo phulusa limangofulumizitsa ntchito, losalowa m'dizilomo, ndipo amalisefa n'kuligwiritsanso ntchito.

Chinsinsi cha phulusali si chachikulu. Moto umatenga zimene chomera chinapeza mumpweya n'kuzibweza kumpweya. Zotsala pansi ndi zimene mizu inakoka m'nthaka, makamaka potaziyamu ndi kashiamu, ndipo ukali wa mchere wa potaziyamuwo ndi umene umafewetsa therere.

Nkhaniyi imandisangalatsa, koma phunziro limene anthu amathamangira kutolapo ndilo limandivuta. Amati taonani, palibe chachabe, chilichonse chili ndi ntchito. Mawu okoma ndithu. Nanga chikapezeka chinthu chopandadi ntchito? Ngati phulusa lapeza ulemu chifukwa choti laboratale yalilemba ganyu, ndiye kuti ulemu ndi malipiro, ndipo wosagwira ntchito asaulandire. Maganizo amenewa sathera pa phulusa. Amakafika kwa agogo amene khasu linawakanika kale, amene anthu amawaikira kumbuyo ponena kuti amatithandizabe kulera ana ndi kupirikitsa nkhuku pamphasa ya ufa. Tsiku limene maso adzachite khungu, nkhuku n'kumadya ufa iwo ali pompo, tidzawaikira kumbuyo ndi chiyani?

Ine ndine Mkatolika, ndipo phulusa lina ndimakumana nalo pa Lachitatu la Phulusa, poyamba nyengo ya Lenti. Limachokera ku kanjedza wa Lamulungu la Kanjedza la chaka chatha, masamba amene tinawagwedeza tikuimba, kenaka n'kuuma atatsomekedwa kudenga. Wansembe amalipaka pamphumi ndi chala chachikulu, kwa mphunzitsi, kwa wogulitsa tomato, kwa wodwala amene achita kumugwirizira. Phulusa limeneli silifewetsa kanthu, silifulumizitsa kanthu, pofika masana thukuta lalichotsa. Limamuuza munthu kuti ndi dothi, ndipo silimufunsa zimene wapindula chaka chino. Ambiri amamva chiopsezo cha imfa pamenepo. Ine ndimamvapo mpumulo, chifukwa pamzere umenewu palibe amene akuyenera kuonetsa phindu lake kuti alandiridwe.

Sindikutsutsa akatswiri aja. Dziko likufunikadi mankhwala opangidwa mosaipitsa mitsinje, ndipo ngati makoko a nthochi angachepetse zimene mafakitale amataya, aotchedwe. Chimene ndimakana ndi kusandutsa zotsatira za m'botolo kukhala ulaliki. Ndiponso dzina loti zinyalala limabisa mwini wake. Mapesi ndi makoko akaolera m'munda, potaziyamu amabwerera m'nthaka imene anachokera. Tikawakokolola onse kupita nawo kufakitale, mlimi adzayenera kukagula mchere womwewo m'thumba la feteleza, pa mtengo umene sanaupangane ndi aliyense.