Mtundu wa Malaya ndi Mtundu wa Anthu

Ndidakulira kufupi ndi Namitambo, m'boma la Chiradzulu, masiku amene mpira wathu udali wachikulunga. Majezi tidalibe. Timu yoyamba kumwetsedwa chigoli inkavula malaya, ndipo kuyambira pamenepo aliyense ankadziwa womupatsira mpira: ovala kwa ovala, osavala kwa osavala. Dzuwa likapendeka tonse tinkatola malaya athu n'kupita kukasamba padambo limodzi.

Zimenezi ndazikumbukira chifukwa cha zomwe zidachitika m'nyumba mwanga. Ine ndine wa Big Bullets chiyambire ubwana. Ndidaikonda ndikungoimvera pa wailesi ya MBC, ndisanaone n'komwe jezi yake yofiira. Tsiku lina mwana wanga wachisamba adabwera kuchokera ku Limbe atavala jezi yabuluu ya Mighty Wanderers, yogula ndi ndalama zake za ganyu. Ndidamuuza kuti asayandikire nsima asanavule. Iye adangodzuka n'kukagona ndi njala. Mayi ake adandifunsa motsitsa mawu, "Kodi bambo, mudabereka mwana kapena jezi?"

Usiku umenewo tulo sindidatione. Ndidadzifunsa ngati n'koyeneradi kuti matimu azivala mitundu yosiyana akamapikisana, poti mitunduyo yafika polanda mwana nsima.

Tikanena za m'bwalo, yankho n'losavuta. Malamulo a mpira wa miyendo amalamula kuti matimu awiri avale mitundu yowasiyanitsa, ndipo goloboyi ndi woimbira mpira asiyanenso ndi onsewo. Chifukwa chake ndi maso. Mu 1996, Manchester United itamwetsedwa zigoli zitatu ndi Southampton m'chigawo choyamba, mphunzitsi wake Alex Ferguson adalamula osewera kuvula majezi otuwa, ati sankaonana bwino. Mu 2015, ku America, matimu a Buffalo Bills ndi New York Jets adakumana ena atavala zofiira, ena zobiriwira. Oonera ambiri adadandaula, pakuti pafupifupi mwamuna mmodzi mwa amuna 12 alionse amavutika kusiyanitsa mitundu ina, makamaka iwiri imeneyi. Kwa iwo bwalo lonse lidali ngati timu imodzi. Tsono mtundu wa jezi uli ndi ntchito yake: kuthandiza wosewera kupatsira mnzake, ndi woonera kutsatira mpira.

Vuto limayamba wezulo yomaliza ikalira. M'chinenero chathu mawu akuti "mtundu" amanena za maonekedwe a nsalu, amanenanso za fuko la anthu, ndipo ife timasokoneza ziwirizi. Wovala zabuluu timamuyesa wa fuko lina, woyenera kutukwanidwa m'minibasi kapena kugendedwa potuluka pa Kamuzu Stadium. Matenda omwewa alinso m'ndale. Chibwerere cha zipani zambiri mu 1994, taona nsalu yachikasu, yabuluu ndi zina zikudanitsa anthu a m'mudzi umodzi. Ife ogwira ntchito m'boma timadziwa kuti nthawi ya kampeni ngakhale tayi imafunika kusankha mosamala.

Wina anganene kuti tingothetsa mitunduyi, timu imodzi izivala zoyera, ina zakuda. Koma kodi nsalu ili ndi mlandu wanji? Wofuna kudana ndi mnzake adzadananso naye chifukwa cha zoyerazo. Komanso mitundu imakometsa masewero. Maule ndi Manoma akadzaza bwalo, uku kofiira uku kwabuluu, ngakhale wosadziwa mpira amasangalala. Tisaiwalenso kuti Bullets idayambitsidwa mu 1967 ndi osewera amene adachoka ku Wanderers. Matimu awiriwa ndi bere limodzi, ndipo akuluakulu adati chibale ndi fupa, sichiola. Osewera ake akaitanidwa ku Flames amavala jezi imodzi, ndipo tonse timawachemerera osafunsa komwe achokera.

Choncho ine ndikuti matimu azivala ndithu mitundu yosiyana, yooneka bwino kwa aliyense. Koma udani wa mitunduyo uzitha ndi mphindi 90, monga zinkachitikira ku Namitambo, komwe ovala ndi osavala ankasamba padambo limodzi.

M'mawa mwake ndidamuitana mnyamata uja n'kumupepesa, chinthu chimene bambo anga sakadachita. Masiku ano matimu athu akamakumana timakhala pakhonde, wailesi pakati, iye atavala yabuluu, ine yofiira. Wogonja ndiye amakagula sobo pagolosale.