Madzi a m'chigwa cha Shire: mfundo zofunika kuzilingalira

Januwale akafika, wailesi zimayamba kutchula maina omwe aja: Makhanga, Bangula, Nchalo, Nyachikadza, East Bank. Ambiri a ife okhala kumtunda timamva, n'kupukusa mutu, n'kunena kuti a ku Chikwawa ndi ku Nsanje ayambanso. Mfundo zili m'munsizi ndalembera makamaka ife amene timagona pouma.

1. Madzi amene amamiza chigwa cha Shire ambiri sagwera m'chigwamo. Chikwawa ndi Nsanje ndi madera otentha, ndipo mvula yake ndi yochepa poyerekeza ndi ya kumapiri. Mvula yaikulu imagwa ku Mulanje, Thyolo, Blantyre, Mwanza ndi Neno, kenako yambiri imatsetserekera kumalo otsikitsitsa m'dziko muno. Mtsinje wa Ruo umachokera kuphiri la Mulanje n'kukakumana ndi Shire pa Chiromo. Ukadzaza, umatsekereza Shire, madzi n'kubwerera m'mbuyo kukadzaza dambo la Elephant Marsh ndi midzi yozungulira. N'chifukwa chake munthu wa kwa Mlolo amatha kugona kunja kuli nyenyezi, n'kudzuka madzi ali m'chiuno. Zimene timachita ndi nthaka ya kumtunda zimakathera pakhomo pa munthu amene sitinamuonepo, ndipo kusamudziwako sikutichotsera mlandu.

2. Amene adakwerapo msewu wochokera ku Thabwa kupita ku Blantyre amadziwa njinga zolemedwa ndi matumba a makala zimene anyamata amakankha pa chitunda chija mbandakucha. N'kosavuta kuwaloza chala kuti ndiwo akumeta mapiri. Koma wootcha makala ndi mmphawi wofuna ndalama ya ufa, ndipo thumba lakelo limakatsitsidwa pakhomo la munthu wolandira malipiro mwezi ndi mwezi. Phiri likameteka, madzi salowanso pansi. Amathamanga atanyamula dothi ndi mchenga n'kukazitaya mumtsinje. Mtsinje wa Mwanza unakwiririka ndi mchenga moti mvula ikangochulukirapo, madzi amasiya njira yawo n'kulowa m'minda ndi m'midzi. Tikamafunsa chimene chimayambitsa kusefukira kwa madzi, tisaiwale mbaula ili kukhitchini kwathu.

3. Mtsinje ukasefukira umalowa kwa wolemera ndi kwa wosauka, koma chimene aliyense amataya n'chosiyana kwambiri. Mu Januwale 2015, pamene Pulezidenti Peter Mutharika analengeza kuti maboma 15 ali pa ngozi, anthu 106 anamwalira, ena 172 anasowa, ndipo pafupifupi 230,000 anathawa m'nyumba zawo. Nyumba zimene zinagwa zambiri zinali za zidina, zomangira dothi, zimene zikangonyowa pamaziko zimakhala pansi. Nyumba ya njerwa zootcha ndi simenti imalowa madzi, koma akaphwa mwini wake amakolopa matope n'kubwereramo. Wolemera chuma chake china chili kubanki, kumene madzi safika. Wosauka chuma chake chonse chili pabwalo: nkhokwe, mbuzi zitatu, nkhuku, khasu, bwato, mabuku a mwana wa Sitandade 8. Zonsezo zimapita usiku umodzi.

Vuto lenileni limayamba madzi ataphwa. Mbuzi imene yapulumuka imagulitsidwa pa mtengo wolira kwa mavenda odziwa kuti mwini wake alibe pothawira. Ngongole ya ku banki mkhonde ikudikira. Bambo amapita kwa wakatapila. Mayi amasiya munda wake n'kukagwira ganyu m'munda mwa wina, choncho chaka chamawa nayenso sadzakolola mokwanira. Mtsikana amasiya sukulu, ndipo ena amakwatiwa asanakhwime kuti pakhomo pachepe pakamwa. Akulu amati mvula ikakuona litsiro siikata. Banja limene linagwa mu 2015 linali lisanadzuke pamene namondwe wa Idai anafika mu Malichi 2019.

4. Olemera nawonso amakhudzidwa, ndipo sibwino kunama kuti satero. Namondwe wa Ana, mu Januwale 2022, anaononga damu la Kapichira, dziko n'kutaya mphamvu ya magetsi pafupifupi mamegawati 130 kwa nthawi yopitirira chaka. Msewu wa M1 unaduka ku Chikwawa, malonda n'kuima. Koma wa ndalama anagula jenereta kapena sola. Wometa tsitsi, wowotcherera zitsulo ndi mwini chigayo chaching'ono ndi amene anakhala manja ali m'khosi. Mabanja ambiri a m'tauni anabwerera ku makala, mapiri aja n'kupitiriza kumeteka.

Pali nkhani ina ya chaka chomwecho imene munthu aliyense wokhala ndi mphamvu ayenera kuiganizira. Anthu oposa 1,700 a m'mudzi wa Kanseche ku Chikwawa anakasuma kukhoti ku London kampani ya Associated British Foods, mwini wa kampani ya shuga ya Illovo. Iwo anati pa nthawi ya namondwe wa Ana, zipupa za dothi zotchinjiriza minda ya nzimbe ya ku Nchalo zinakankhira madzi a mtsinje wa Mwanza kumudzi kwawo, mudzi n'kukokoloka, anthu n'kufa. Kampaniyo inakana mlanduwo, ndipo kugamula ndi ntchito ya khoti. Funso lokha ndi limene likutikhudza tonse, kuyambira kampani yaikulu mpaka munthu womanga mpanda wa njerwa pa puloti yake: ndikatchinga madzi kwanga, akupita kwa yani? Madzi otchingidwa sasowa, amangosintha njira, ndipo njira yosavuta kwa iwo imadutsa kwa amene alibe chotchingira.

5. "Bwanji osangosamukira kumtunda?" Funso limeneli limafunsidwa chaka ndi chaka, ndipo ena amawonjezera mawu opweteka akuti anthu a kumeneko anazolowera zaulere. Mawu amenewa ndimawakana ndi mtima wonse. Palibe mayi amene angaike ana ake pamalo pamene ng'ona zimalowa m'mudzi pofuna thumba la ufa ndi bulangete.

Chimene chimasunga anthu m'mbali mwa Shire ndi dimba. Madzi akamaphwa amasiya nthaka yachonde ndi chinyontho, ndipo pamenepo anthu amabzala chimanga, mbatata, nyemba ndi maungu popanda feteleza, n'kukolola pamene kumtunda kuli gwaa. M'dambo muli nsomba, muli msipu wa ng'ombe, ndipo njala ikafika povuta anthu amakumba nyika m'madzi kuti ana asagone ndi njala. Tisaiwale kuti chigwachi chili ndi adani awiri. Chaka cha madzi cha 2015 chinatsatidwa ndi chilala cha 2016, pamene anthu oposa 6 miliyoni m'dziko muno anafunika thandizo la chakudya. Mu 2024 chilala chinabweranso, Pulezidenti Lazarus Chakwera n'kulengeza za ngozi m'maboma 23. Munthu wa kwa Nyachikadza akamakana kusamuka amakhala atawerengera kuti madzi amabwera masabata angapo, pamene njala ya kumtunda imakhala miyezi. Akuopa zonse ziwiri, ndipo wasankha chimene akuganiza kuti angathe kulimbana nacho.

Komanso kumtundako malo ali ndi eni ake. Wosamukayo amakakhala mlendo pansi pa mfumu ina, amapatsidwa pomanga nyumba koma osati polima, ndipo manda a makolo ake amatsala kutsidya. Kusamutsa anthu n'koyenera ndithu m'malo ngati Makhanga, kumene Ruo inasintha njira n'kuzinga midzi. Koma kusamutsa kwachilungamo kumabwera ndi munda, mjigo, sukulu, chipatala, ndi ufulu wopitabe kukalima kudimba m'chilimwe. Kupanda zimenezi, anthu adzabwerera, ndipo sitidzakhala ndi chifukwa chowanyozera.

6. Munthu wa mumsasa ndi munthu wolemekezeka amene sabata yatha anali ndi khomo lake. Misasa yambiri imakhala m'masukulu, ana n'kusiya kuphunzira, mabanja makumi n'kugona m'kalasi imodzi, chimbudzi chimodzi n'kumalimbirana anthu mazana. Kolera amene anabuka mu Malichi 2022, namondwe wa Ana atadutsa, anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Wolemba maina a olandira thandizo akalowetsa abale ake amene madzi sanawakhudze, waba chakudya cha mwana wamasiye. Wofuna thupi la mayi kapena mtsikana kuti amulembe dzina wachita chinthu chonyansa pamaso pa Mulungu ndi pamaso pa malamulo. Ndipo wobweretsa thandizo asayambe ndi kujambula. Ayambe wapereka moni, afunse maliro, afunse chimene anthuwo akusowa.

7. Anamondwe akubwera pafupipafupi. Ana anafika mu Januwale 2022, Gombe mu Malichi 2022, Freddy mu Malichi 2023. Freddy yekha anapha kapena kusowetsa anthu oposa 1,000 ndi kusamutsa oposa 650,000, ndipo ku Blantyre matope a m'phiri la Soche anakwirira nyumba za ku Chilobwe, kumene amphawi anamanga pamtsetse chifukwa malo abwino sangawakwanitse. Akatswiri a zanyengo amanena kuti kutentha kwa dziko kukuwonjezera mvula imene anamondwewa amabwera nayo. Utsi wotenthetsa dzikowo wochuluka unachokera m'mafakitale ndi m'magalimoto a maiko olemera. Mlimi wa ku Tengani alibe ngakhale njinga yamoto. Pa msonkhano wa ku Sharm el-Sheikh mu 2022 maiko anagwirizana kukhazikitsa thumba lolipirira zoonongeka zotere, ndipo dziko la Scotland linatumiza ndalama zimene zinafika kwa mabanja ena a ku Nsanje. Ndalama zoterezi tizizitchula dzina lake loyenera, kuti ndi chipukuta misozi choperekedwa ndi amene anaononga, ndipo atsogoleri athu azizifunsa mosachita manyazi.

8. Lamulo lathu loyamba la ngozi zogwa mwadzidzidzi linabwera mu 1991, napolo atakokolola anthu ku Phalombe. Latsopano linabwera mu 2023, Freddy atapita. Zikuoneka kuti timakumbukira pokhapokha taika maliro. Madzi saiwala khwawa, koma ife Meyi akangofika timaiwala. Ntchito yopulumutsa anthu a m'chigwa ndi ya m'chilimwe: kukonza zipupa zotchinga madzi mogwirizana ndi midzi yonse ya m'mbali mwake, kuchotsa mchenga m'mitsinje, kukonza nazale za mitengo ya kumapiri, kupeza malo a osamuka, ndi kuonetsetsa kuti chenjezo la a zanyengo likufika m'Chisena ndi m'Chimang'anja kwa agogo amene alibe foni. Inu a nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ya DoDMA, a makhonsolo a Chikwawa ndi Nsanje, aphungu, mafumu ndi atsogoleri a mipingo, pitani ku Makhanga ndi kwa Nyachikadza mu Ogasiti, msewu ukadali wouma, mukakhale pansi ndi eni ake a nkhaniyi.