Kodi Nkoyenera Kuti Wopambana Mlandu Adikire?

Akuluakulu akale anati mlandu suola. Mau amenewa ngoona, koma iwo sananene kuti mwini mlandu sakalamba. Mlandu ukhoza kugona m'mabuku a bwalo zaka zambiri, nudzuka uli wamoyo. Koma mbuzi imene anthu ali kulimbirana imafa, ndipo mvula yobzalira siyembekeza kuti oweruza atsirize nchito yao.

Pa milandu ya pakati pa munthu ndi mnzace, monga ya ngongole, ya munda, kapena ya cuma ca masiye, lamulo limalola wogonja kucita apilo, ndiko kukadandaula ku bwalo lalikulu kuti ciweruzo cionedwenso. Ici ncabwino, pakuti woweruza ndi munthu, ndipo amaphonya. Bvuto liri pa masiku a pakati. Apilo siitha tsiku limodzi. Kodi m'miyezi imeneyo wopambana atenge zace, kapena zonse ziime kufikira bwalo lalikulu litalankhula? Nthawi zina apilo imacitika mlandu uli pakati, pa mfundo imodzi yokha, ndipo funso limakhala lomwelo: kodi mlandu wonse uime?

Mai wamasiye walimbirana munda ndi mlamu wace, ndipo bwalo lanena kuti munda ngwa maiyo. Mlamu wacita apilo mwezi wa October. Zonse zikaima, mai uja sabzala caka cimeneco, ndipo ana ace adzagona ndi njala pafupi ndi munda umene bwalo lati ngwao. Koma zikapanda kuima, mai nagulitsa mundawo kwa mlendo, mlendo nadula mitengo namangapo nyumba, tsiku limene mlamu adzapambana apilo adzalandira pepala lokha. Madzi akatayika saoleka. Mbali zonse ziwiri pali munthu amene angalakwiridwe, ndipo pa tsikulo palibe adziwa kuti ndi uti.

Oweruza a ku England analimbana nalo funso limeneli kalekale, ndipo mabwalo a m'Malawi amachulabe milandu yao. Mu 1879, pa mlandu wa Wilson ndi Church, panali ndalama zoti zigawidwe kwa anthu ambirimbiri. Bwalo linaimitsa kugawako, cifukwa ndalama zikadamwazika m'manja ambiri sizikadabwezeka, ndipo apilo ikadasanduka cabe. Mu 1886, pa mlandu wochedwa ndi dzina la combo, Annot Lyle, oweruza anaumirira mbali inayo, kuti si mwambo wa bwalo kumana wopambana zipatso za mlandu wace popanda cifukwa ceniceni. Cotero kucita apilo pakokha sikuimitsa kanthu. Wofuna kuti zinthu ziime ayenera kupempha, ndi kuonetsa cimene cidzaonongeka kosakonzekanso.

Mlingo umenewu ngwanzeru, koma uli ndi minga imene ambiri saiona. Pofuna kudziwa ngati cinthu cidzabwezeka, woweruza amafunsa kuti: kodi wopambanayu akalandira ndalama lero, nagonja pa apilo mawa, adzatha kuzibweza? Wolemera adzabweza, ndipo amapatsidwa zace msanga. Wosauka adzagula ufa ndi kulipira sukulu, ndipo sadzabweza; cotero umphawi wace womwewo, umene unamtengera ku bwalo, usanduka cifukwa comdikiritsa. Apa cilungamo cimacita manyazi. Kudikira sikulemera mofanana kwa anthu onse. Amene wagwira cinthu m'manja amagona tulo pamene mlandu waima. Amene alibe amawerenga masiku. Ndipo alipo ena ocenjera amene amacita apilo podziwa bwino kuti adzagonja, angofuna kuti mnzao atope, alandire theka, kapena afe mlandu usanathe.

Njira ya pakati iripo, ndiyo cikole. Bwalo likhoza kunena kwa wopempha kuti, zinthu ziima, koma ndalama zonse uzisiye m'manja mwa bwalo, kapena upereke gawo kwa mnzako tsopano lino. Munthu woona mtima sabvutika nazo zimenezi, koma wongofuna kucedwetsa amataya phindu lace. Komabe cikole sicibzala cimanga, ndipo pa nkhani ya munda sicithandiza kweni-kweni.

Dziko la Malawi linaona funso limeneli poyera m'caka ca 2020. Pa 3 February oweruza asanu anafafaniza cisankho ca pulezidenti ca pa 21 May 2019, pa mlandu umene anadandaula Saulos Chilima ndi Lazarus Chakwera, nalamula kuti cisankho cina cicitike m'masiku 150. Peter Mutharika ndi bungwe loyendetsa zisankho anacita apilo, napempha kuti ciweruzo ciyambe caima. Cimodzi mwa zifukwa zao cinali cakuti cisankho cimadya ndalama zambiri, zimene zikadapita pacabe apilo ikadapambana. Cifukwa cimeneci sicinali copusa. Koma oweruza anakana mwezi womwewo, poona kuti ufulu wa anthu wosankha wowalamulira ngwolemera koposa ndalamazo. Ndalama zotayika dziko likhoza kuzipezanso. Miyezi imene anthu akhala akuyembekeza ufulu wao palibe bwalo lingawabwezere.

Bwalo la Suprimu linakana apiloyo pa 8 May, ndipo anthu anaponya voti pa 23 June. Kucokera pa ciweruzo kufikira pa kutha kwa apilo panapita miyezi itatu yokha, cifukwa maso a dziko lonse anali pamenepo. Apilo ya mai wamasiye uja ilibe oiyang'anira otere, ndipo akapita kukafunsa kwa kalaliki wa bwalo amauzidwa kuti abwerenso mwezi wa mawa.