Kodi Mwamuna Ali ndi Ufulu Wonyalanyaza Thupi Lake?

Werengani: Yoswa 14:6-13, 2 Samueli 19:31-39, 1 Mafumu 19:1-18, 2 Mbiri 16, 1 Akorinto 6:19, 20.

Tonsefe timawadziwa abambo a mumpingo mwathu amene amasamalira zonse kupatula iwo eni. Denga likayamba kudontha amakwera kukafolera, ng'ombe ikaleka kudya amathamangira kwa alangizi a ziweto, njinga ikalira amaithira mafuta tsiku lomwelo. Koma thupi lawo likayamba kuwachenjeza, amangoti, “Zitha zokha izi.” Tinakula tikumva kuti mwamuna salira, ndiponso kuti mwamuna ndi kabudula, amathera moyenda. Mawu amenewa analimbitsa makolo athu m'masiku ovuta, komabe aika m'manda amuna ambiri nthawi yawo isanakwane. Tsono funso lili patsogolo pathu ndi ili: kodi munthu akanyalanyaza thupi lake ndi maganizo ake, walakwira yani?

Thupili Ndi la Yani?

Wina anganene kuti thupi ndi lake, ndipo zimene achita nalo sizikhudza munthu aliyense. Mtumwi Paulo, polembera Akorinto, akutsutsa ganizo limeneli. Iye akuphunzitsa kuti thupi la wokhulupirira ndi malo okhalamo Mzimu Woyera, ndi kuti mwini wake ndi Iye amene analilenga naliombola. Ngati zili tero, ife ndife akapitawo chabe. Timadziwa kuwerengera bwino chakhumi cha chimanga ndi cha ndalama. Nanga mphamvu, nzeru ndi zaka zimene tinabwerekedwa, tidzaziwerengera motani?

Palinso ena amene ali ndi gawo pa thupi lathu. Bambo akagwa ndi sitiroko ali ndi zaka 55, amene amasiya munda nagona pansi m'chipatala monga womudikirira ndi mkazi wake. Amene amasiya sukulu chifukwa chosowa fizi ndi ana ake. Matenda amene iye anawabisa poti asavutitse banja, potsiriza amalivutitsa koposa. Choncho kudzisamalira kwa mwamuna ndi mbali ina ya chikondi chake kwa a m'nyumba yake.

Adani Oyenda Mwakachetechete

Matenda ambiri a ukulu amabwera osagogoda. Kuthamanga kwa magazi kumatha kukhala mwa munthu zaka zambiri iye osamva kupweteka kulikonse, uku kukuwononga mitsempha ya mu ubongo, mtima ndi impso. Kafukufuku amene Unduna wa Zaumoyo unachita m'Malawi mu 2009, mothandizana ndi bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO, anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 anali ndi vutoli, ndipo ochuluka zedi mwa iwo sanali kudziwa. Kuyezetsa kwake sikutenga mphindi zisanu. Muyeso ukamafika 140/90 kapena kupitirira mobwerezabwereza, munthu afunika thandizo, ndipo akayamba mankhwala asawasiye chifukwa choti akumva bwino.

Matenda a shuga nawonso amayamba pang'onopang'ono: ludzu losatha, kukodza pafupipafupi, kutopa, zilonda zochedwa kupola. Akalekereredwa amatha kuchititsa khungu kapena kudulitsa mwendo.

Palinso nkhani imene amuna timachita nayo manyazi. Pansi pa chikhodzodzo pali kachiwalo kotchedwa prostate, kamene mwa amuna ambiri kamakula akapitirira zaka 50 ndi kuyamba kupana njira ya mkodzo. Munthu amadzuka kangapo usiku, mkodzo umatuluka mofooka, ndipo amamva ngati sanathe. Kawirikawiri kukula kumeneku si khansa, ndipo kuli ndi mankhwala. Koma khansa ya kachiwalo komweka ndi imodzi mwa khansa zofala kwambiri pakati pa amuna, ndipo ikapezeka msanga mwayi wochira umakhala waukulu. Amene angasiyanitse ziwirizi ndi dokotala yekha. Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Palibe mkazi kapena mwana amene angamve zimene bambo akumva m'thupi mwake. Ayenera kudzuka yekha.

Kodi Kupita ku Chipatala Ndi Kusowa Chikhulupiriro?

Ena amatchula mfumu Asa, amene anadwala mapazi m'chaka cha 39 cha ufumu wake, ndipo akudzudzulidwa chifukwa anafuna asing'anga osafuna Yehova. Koma tiwerenge mutu wonsewo. Asa anali atayamba kale kutaya Mulungu: anadalira mfumu ya Aramu pa nkhondo, natsekera m'ndende mlauli Hanani amene anamudzudzula. Tchimo lake linali kuchotsa Mulungu m'moyo wake, ndipo matenda anangoonetsa poyera chimene chinali kale mumtima. Pamene Hezekiya anadwala, anapemphera, ndipo mneneri Yesaya analamula kuti aike nkhuyu pachotupa chake (2 Mafumu 20:7). Pemphero ndi mankhwala zinayendera limodzi. Luka, mnzake wokondedwa wa Paulo, anali sing'anga (Akolose 4:14). Ndi chifukwa cha kumvetsa kumeneku kuti mpingo wathu unamanga chipatala pa Malamulo ku Thyolo, pa malo amene Adventist anayambapo ntchito mu 1902.

Zimene Zili M'manja Mwathu

M'buku la The Ministry of Healing, limene linatuluka mu 1905, Ellen G. White anatchula zinthu zisanu ndi zitatu zothandiza thupi: mpweya wabwino, dzuwa, kudziletsa, kupumula, kugwiritsa ntchito thupi, chakudya choyenera, madzi, ndi kudalira mphamvu ya Mulungu. Patapita zaka, akatswiri a pa yunivesite ya Loma Linda ku America anatsatira miyoyo ya Adventist oposa 30,000 a m'chigawo cha California. Zotsatira zimene anafalitsa mu 2001 zinaonetsa kuti amuna achi Adventist anali kukhala ndi moyo zaka pafupifupi 7 kuposa amuna ena a m'chigawocho, ndipo osadya nyama anaposa pamenepo. Kusasuta fodya, kudya mtedza, kulimbitsa thupi ndi kusanenepa kwambiri ndi zina mwa zimene zinabweretsa kusiyanaku.

Tisadzitame nazo. Munthu akhoza kukana mowa, fodya ndi nyama ya nkhumba, koma namathira mchere wodzaza dzanja m'ndiwo, namamwa zakumwa zotsekemera tsiku ndi tsiku, namakhala pampando kuyambira m'mawa kufikira madzulo. Bungwe la WHO limalangiza kuti mchere wa tsiku lonse usafike magalamu 5, ndiko kuti kasupuni kamodzi kakang'ono, ndi kuti munthu wamkulu azilimbitsa thupi mphindi zosachepera 150 pa mlungu. Kuyenda ndawala theka la ola kwa masiku asanu kukwanira. Nyemba, nandolo, mtedza, bonongwe, nkhwani ndi ufa wa mgaiwa zili pakhomo pathu pomwe.

Pamene Mtima Walema

Matenda a m'maganizo ndi amene timawabisa koposa onse. Pa dziko lonse amuna amene amadzipha ndi ochuluka kuwirikiza kawiri kuposa akazi. Ukalamba umabwera ndi zotayika zambiri: ntchito imatha, ana amabalalika, mkazi kapena anzathu a paubwana amatisiya, mphamvu imene tinali kunyadira imachepa. Mwamuna amene ulemu wake wonse unali pa kudyetsa banja amayamba kudziona wopanda pake.

Eliya, atangopambana pa phiri la Karimeli, anathawa Yezebeli, nasiya mnyamata wake ku Beereseba, nalowa yekha m'chipululu, napempha kuti afe. Taonani mmene Mulungu anachitira naye. Sanayambe ndi chidzudzulo. Anamulola kugona, namupatsa mkate ndi madzi kawiri. Pa Horebu anamufunsa, namumvetsera kufikira atatsiriza madandaulo ake. Kenaka anamupatsa ntchito yatsopano, namuuza za anthu 7,000 okhulupirika, namupezera Elisa woti aziyenda naye. Tulo, chakudya, khutu lomvetsera, ntchito ndi bwenzi: izi ndi zimenenso mbale wolema mtima akuzisowa lero. Chisoni chikapitirira milungu iwiri, munthu osagona, osafuna kudya, osakondwa ndi kanthu, kapena akamalankhula za imfa, tipite naye kwa a zaumoyo mosazengereza, pakuti matenda amenewa amachizika. Mutu umodzi susenza denga.

Kalebi ndi Barizilai

Tisaweruze odwala. Yobu sanadwale chifukwa cha kusasamala, ndipo pali abale amene anasunga malangizo onse koma anagona msanga. Kalebi ali ndi zaka 85 anapempha dziko la mapiri kuti akalilande. Barizilai ali ndi zaka 80 anauza Davide mosabisa kuti lilime lake silinali kumvanso kukoma ndipo makutu ake anali atalema. Anakana ulemu wa ku Yerusalemu, natumiza Chimuhamu m'malo mwake. Onse awiri anali okhulupirika, chifukwa aliyense ananena zoona za thupi lake nachita mogwirizana nazo. Mulungu sadzatifunsa chifukwa chake tinakalamba. Chimene adzafuna kwa kapitawo aliyense ndi kukhulupirika pa chimene chinali m'manja mwake.

Mafunso Okambirana

1. Kodi ndi liti pamene munayezetsa kuthamanga kwa magazi ndi shuga? Ngati papita chaka, chikukuletsani n'chiyani mlungu uno?

2. Kodi mpingo wathu ungakonze bwanji malo oti abambo azikambirana za matenda ndi nkhawa zawo popanda kuopa kuti zimveka kunja?

3. Ndani mwa abambo okalamba a mumpingo mwathu amene sanaoneke kwa masabata angapo, ndipo ndani wa m'kalasi lino amene apite kukawaona?