KODI BWINJA LIRI NDI MWINI?

Pali funso limene landisautsa mumtima, ndipo ndifuna kuti tilingalire pamodzi. Kodi chinthu chimene munthu wachitaya chileka kukhala chache? Nanga malo amene anthu agwirapo nchito, napindulapo, nachokapo, kodi atsala opanda mwini?

Tiyambe ndi za makolo athu. Kale mudzi ukasamuka, malo otsalawo anawatcha bwinja. Koma bwinja lao silinali malo otembereredwa ai. Nyumba zinali za mitengo, udzu ndi dothi, ndipo zikagwa zinabwerera kunthaka kumene zinachokera. Padzala anatayapo phulusa, makoko ndi zitsononkho. Itagwa mvula zaka ziwiri, pomwepo panamera maungu onona koposa a m'munda. Chotero wochoka anasiyira wobwera m'mbuyo mwache mphatso.

Lero siziri tero. Yendani pa msika wa pa Namitambo anthu atabalalika, mudzaona majumbo, mabotolo ndi mabatire akutha. Zimenezi siziola, mbuzi ikameza jumbo, lingathe kuitseka m'mimba mpaka kufa. Onaninso maenje a njerwa m'midzi mwathu. Woumba akumba, naocha, nagulitsa, nachoka. Dzenje litsala, m'dzinja lidzala madzi, udzudzu uswana momwemo, ndipo mwana wamng'ono akaterereka palibe womvuula.

Kumzinda nkhani ndi yomweyi, koma yakula. Pamene panali fakitale kapena galaja, eni akatseka, nthaka itsala itamwa mafuta akuda ndi mankhwala, kotero kuti ndi chinthu choopsa kulimapo kapena kukumbapo chitsime. Ndipo pa Mzedi, m'mbali mwa mseu wochokera ku Limbe kunka ku Zomba, ndi pamene zitayidwa zinyalala za mzinda wa Blantyre. Munthu wa mumzinda ayesa kuti zinyalala zache zatha pamene galimoto yazinyamula. Koma sizinathe konse. Zangosamukira pakhomo pa mnzache wosauka, amene apuma utsi wache nalimbana ndi ntchentche zache.

Wina adzati, "Imeneyo ndi nchito ya Boma." Mau amenewa ali ndi choonadi. Lamulo la maboma aang'ono la chaka cha 1998 linaika m'manja mwa makhonsolo nchito yosonkhanitsa ndi kutaya zinyalala, ndipo m'chaka cha 2015 Boma linaletsa majumbo opyapyala. Tsono iwo amene alandira msonkho wa pamsika ali ndi mangawa kwa opereka msonkhowo: ayenera kupatula malo otayirapo kutali ndi zitsime ndi mitsinje, ndi kukaniza munthu kuchoka pamalo asanawakonze. Kuwakumbutsa mwaulemu si chipongwe ai. Ndi udindo wathu. Koma lamulo liribe manja. Silingatole jumbo limene ine ndaponya panjira.

Winanso adzati, "Ife ndife amphawi, tiribe magalimoto." Koma kodi kukwirira dzenje kufuna chiani choposa khasu? Umphawi utiletsa zambiri, koma suletsa munthu kukumbukira mnzache.

Buku Lopatulika silinanyoze nkhani imeneyi monga yaing'ono. Pa Deuteronomo 23 Mose analamula Aisrayeli kupatula malo kunja kwa misasa yao ndi kukwirira zonyansa zao, chifukwa Mulungu anali kuyenda pakati pao. Pa Levitiko 25 tiphunzira kuti dziko ndi la Mulungu, ndipo anthu akhalamo monga alendo. Tsono yankho la funso lathu ndi ili: bwinja liri ndi Mwini. Ife tabwereka nthaka monga munthu abwereka mphika kwa mnansi. Ndipo ndani mwa inu abweza mphika wosatsuka?

Chifukwa chache ndinena kuti chimene tataya chikhalabe chathu kufikira chitaleka kupweteka munthu. Tchimo la zinyalala libisika chifukwa wolakwiridwa sitimuona nkhope: ndiye wa kumunsi kwa mtsinje, kapena mdzukulu amene sanabadwe. Koma Mulungu amuona. Nthenda ya kolera imene inayamba m'chaka cha 2022 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo inayenda ndi madzi oipitsidwa, osafunsa kuti anawaipitsa ndani. Akulu anati, chaona mnzako chapita, mawa chiri pa iwe.

Tichite chiani tsono? Pakhomo pali ponse pakhale maenje awiri: lina la zoola, zimene zidzasanduka manyowa, lina la zosaola, lotalikira chitsime. Woumba njerwa asalandire mtengo wache wonse asanakwirire dzenje, kapena kubzalamo nthochi. Akulu a mpingo apite kwa amfumu ndi kwa akhansala, akapemphe malo oyenera otayirapo zinyalala za pamsika. Ndipo tiyambe ndi kuseri kwa nyumba ya Mulungu ndi kwa sukulu yathu, pakuti sikuyenera kusesa pabwalo pokha pamene alendo aona.

Tsiku lidzafika pamene ifenso tidzasamuka, ndipo makomo athu adzakhala mabwinja. Ambuye atithandize kuti ana athu akadzalimapo, adzapeze maungu, osati magalasi owacheka mapazi.