Mpope Wodulidwa ndi Malire a Ufulu wa Munthu

Njinga zambiri za kabaza zimene zimanyamula nsomba pa msewu wa ku Makanjira, kudutsa pa Lungwena, zili ndi mahandulo okwezeka pomasula bawuti imodzi, koma njinga yamjaho, imene imafika kuno ngati kaunjika, imabwera mpope wa foloko yake, ndiko kuti chitsulo chobooka chimene chimalumikiza tayala lakutsogolo ndi mahandulo, utadulidwa kale molingana ndi msana wa mwini wake woyamba. Chodulidwacho sichitalikanso, ndipo apa pakubuka funso limene Asilamu a m'derali amalidziwa m'chiphunzitso cha qadar, kutanthauza chikonzero cha Mulungu: ngati muyeso unaikidwa munthu asanafike, ufulu wake uli pati?

Makaniko amayankha ndi manja. Amatembenuza kachitsulo kogwira mahandulo kuti kaloze m'mwamba, kapena amaika kena kopendekeka kwambiri, osakhudza muyeso umene anaupeza. Amene amaukana muyesowo, n'kumanga kachitsuloko m'mphepete penipeni mwa mpope, amakwezadi mahandulo, koma bawuti yapamwamba imafinya pachabe, ndipo pa msewu wa mabampu, dengu la usipa lili kumbuyo, chiwongolero chingathe kugwedera njinga ili pa liwiro.